Anabwera Mchombo Usanagwe

Ndinali kuseri kwa nyumba ndikuchapa matewera pamene a Kefasi anatulukira cha kuchigafa, akukankha njinga, thalauza atalipisira m'masokosi. A Kefasi ndi mkulu wa mpingo m'mudzi mwathu muno kwa Zulu. Chibadwire mwana wa Elizabeth, phazi lawo linali lisanapondepo pakhomo panga. Ndiye nditawaona sindinaimirire. Ndinangopitiriza kufinya thewera.

"Amake Elizabeth, kukubwera alendo."

"Abwere. Mvula ino ngakhale linthumbu likulowa m'nyumba osaodira."

"Musaseke. Ndi makolo a mnyamata uja, Asilamu aja a ku boma. Atsika minibasi pa Kamwendo, a kabaza awasiya pamphambano, ndiye asokera n'kufikira kwanga. Akufunsa kuti mwana wabadwayo ali nyumba iti."

Manja anga anaima okha m'beseni.

Mnyamata ujayo ndi Nurdin, woyendetsa thiraki yopita ku Zambia. Anamupeza Elizabeth wanga akugulitsa nthochi pa Kamwendo tsiku la msika, mwana ali fomu fili. Zotsatira zake ndi matewera amenewa. Mimba itaoneka, mpingo unamudula Elizabeth, sukulu inathera pomwepo, ndipo Nurdin anasanduka mawu a mufoni. Lero ali ku Chipata, mawa ku Lusaka, mkuja foni yazima. Bambo ake a Elizabeth anamwalira kalekale, ndiye zonse zinagwera ine. Kuchipatala ndinagona pansi ndine. Nkhuni ndine, phala ndine, chimanga kumunda chikumira m'udzu ndine ndemwe.

"Ndiye mwawalozera?" ndinafunsa.

"Ndawasiya pakhonde panga, ndati ndiyambe ndakuchenjezani. Anthu amenewa sabwera chabe, mayi. Akufuna akamupempherere mwanayo mapemphero awo. Akangotero, ndi wawo. Inu ndinu mayi wa Chigwirizano, mukudziwa zimene bwalo la akulu linganene. Abwezeni mwaulemu."

"Ulemu ndilibe lero. Koma kubweza ndibweza."

Ndinanena zoona. Sindinkafuna kuwaona. Koma a Kefasi asanatembenuze njinga, alendowo anali atafika kale pabwalo. Anatopa kudikira, anangotsata matayala a njinga m'matope.

Anali awiri. Bambo wokalamba, wowonda, wa mkanjo woyera umene m'munsi mwake munali mutafiira ndi dothi, kachipewa koyera kumutu. Mayi wamfupi wonenepa, wofunda mpango mpaka m'mapewa, atasenza chikwama chachikulu cha mizeremizere chija amanyamulira katundu a geni ya ku Chipata.

"Odi kuno!" anatero bamboyo.

Sindinayankhe kuti odini. Ndinapukuta manja pachitenje n'kuzungulira kubwalo. Mphasa sindinayale.

"Ine ndine Saidu, bambo ake a Nurdin. Awa ndi mayi ake, a Ashura. Tili ndi kagolosale ku boma."

"Ndamva."

"Mwaswera bwanji, asewere?" anatero mayiyo akutula chikwama.

"Asewere ndani? Ukwati wake uti? Munaona ankhoswe atakhala pansi pano? Ine ndine Stelia. Mukandiitana choncho ndiyankha."

A Ashura anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Ndinaona kuti si munthu woti n'kumuopseza ndi pakamwa.

"Chabwino, a Stelia. Ife nkhaniyi taimva dzana. Mwana wathu anatibisira. Mlongo wake ndiye anaona chithunzi cha khanda mufoni, mphuno ngati ya agogo akewa. Titamupanikiza pafoni anavomera. Tikanadziwa kale tikanabwera kale."

"Mimba imatenga miyezi ingati kwanu ku boma? Kuno ndi isanu ndi inayi. Yonseyo mwana wanu anali ndi pakamwa."

"Wolakwa walakwa," anatero a Saidu mofatsa. "Sitinabwere kudzamuikira kumbuyo. Tabwera kudzaona mwana."

"Mwana simumuona. Mchombo sunagwe, ali m'chikuta. Komanso nkhani za mbumba ino mwini wake ndi mlongo wanga Alufeyo, ali ku Mkanda. Pitani mukayambire kumeneko ngati anthu."

A Kefasi anagwedeza mutu kuvomereza, ngati kuti za chikutazo amazikhulupirira. Chikhalirecho ndi iwo omwe amalalikira kuti tsempho ndi zachikunja. Lero zinawakomera.

Zoti mwana anali m'chikuta sindinaname. Kwathu kuno khanda silituluka, ndipo siligwiridwa ndi munthu wamba mchombo usanagwe. Munthu amene wagona ndi mwamuna kapena mkazi wake timati ndi wotentha, akaligwira limatupa, limanyentchera. Anamwino anene zawo, ine ndinaika ana awiri m'manda, sindiyesa mankhwala pa mdzukulu wanga. Koma ndisabise, tsiku limenelo mwambowo unandikomeranso ine. Unali chitseko chabwino chowatsekera kunja.

"Za chikuta musatiphunzitse," anatero a Ashura. "Kwathu ku Mangochi timati ndaka, ndi zomwezo. Ine ndinawauza bambowa kuti tidikire, koma iwo kukakamira. Akuti mwana wagona masiku osamva azana."

"Osamva chiyani?"

"Mawu oitanira anthu kokapemphera," anatero a Saidu. "Mwana akabadwa timamunong'oneza m'khutu, kuti dzina la Mulungu alimve msanga, asanamve zina za dziko lino. Bambo wake ndiye amayenera kutero. Poti bambo wake ali pamsewu, ndabwera ine."

"Mwachedwa. Wamva kale zambiri. Wamva ine ndikutukwana mwana wanu."

"Mwamvatu, mayi," analowerera a Kefasi. "Si ndinanena? Akufuna amulowetse Chisilamu mwana wa m'nyumba ya Chikhristu."

Apo chitseko cha nyumba chinalira. Elizabeth anasuzumira, nkhope yotuwa, tsitsi losapesa, atagwira chitenje pachifuwa. Anali atamva zonse. Nyumba yanga ndi ya zipinda ziwiri, ukatsokomola kubwalo wa kuchipinda amayankha.

"Amayi, aloleni alowe."

"Iwe, bwerera ukagone. Mphepo ikulowa."

"Amayi, chibadwire mwanayu wabwera ndani pano? Tchulani mmodzi."

"Ndati bwerera."

"Anzanu a Chigwirizano aja mumawaphikira pamaliro ali kuti? Ngakhale kachidutswa ka sopo? Anthu awa achoka ku boma m'matope. Mukawabweza, mchombo ukangogwa ine ndinyamula mwana wanga ndiwatsatira. Mudzatsala ndi mpingo wanuwo."

Sanakuwe. Akanakuwa ndikanadziwa kuti ndi mkwiyo chabe, utha. Ananena motsitsa, ngati mmene ankanenera bambo ake akatsimikiza chinthu. Ndipo a Ashura, m'malo moti amudzudzule, anati, "Chipinda chilipo, mwanangu. Cha Rashida, mlongo wake wa Nurdin, chili chokhachokha."

Mayi ameneyu wafika pakhomo panga, sanamwe ndi madzi omwe, akundilanda kale mwana ndi mdzukulu.

"Mwabwera kudzaona mwana kapena kudzatenga?"

"Tabwera kudzaona. Koma mukamuthamangitsa sitingamusiye pamsewu."

"Ndamuthamangitsa ine? Amene wamusambitsa m'mawa uno ndani? Inu?"

"Amayi inu," anatero a Saidu kwa akazi awo, "tsitsani moto."

Ndinakhala pa mtondo umene unali chafufumimba pafupi ndi khonde. Ku boma si kutali, koma ndikudziwa mmene zimathera. Mwana akapita wokwiya sabwera msanga. Mdzukulu ndikanadzamuona akuyenda kale, akundithawa ngati mlendo. Elizabeth ndi mwana wanga yekhayo wamkazi. Nyumba ino, munda uwo, ndi zake.

Kuchokera kutchalitchi kunkamveka ng'oma ndi mawu a achinyamata. Khirisimasi inali itayandikira, ankakonzekera sewero la kubadwa kwa Yesu. Chaka chilichonse zitenje zovala anzeru a kum'mawa zimachokera m'sutikesi yanga, ndipo zisoti zawo za makatoni ndimasoka ndine. Chaka chino palibe anabwera kudzapempha. Chaka chilichonse amagoneka khanda lenileni modyera ng'ombe muja. Chaka chino akuti agoneka chidole, chifukwa khanda la m'mudzi muno ndi lathuli, lopanda ukwati. Sindikanalipereka, lili m'chikuta. Koma kufunsa kokha bwenzi kutandichepetsera manyazi.

Pa keriyala ya njinga ya a Kefasi panali patamangidwa makatoni a sopo opanda kanthu. Ndinawayang'ana, iwo anaona kuti ndawaona.

"Ndi za sewero," anatero. "Zisoti."

"Asoka ndani?"

"Mayi a kunyumba ayesako."

"Sewero lake lomwe lija la alendo ochokera kutali, ofunsa kuti mwana wabadwira kuti?"

"Musasakanize zinthu, amake Elizabeth. Anzeru a kum'mawa tanthauzo lake ndi lakuti mitundu yonse idzasiya milungu yawo n'kugwadira Khristu. Anabwera kudzagonja. Awa sanabwere kudzagonja."

"Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, koma ndimeyo ndaimva chaka ndi chaka ndikusoka zisoti. Palibe pamene amati analembetsa kalasi ya ubatizo. Anaona mwana, anasiya zimene anatenga, anabwerera kwawo. Ndipo akulu a mpingo a nthawi imeneyo, amene ankadziwa ndi mudzi womwe, anangowalozera njira, iwo n'kutsala pakhonde."

"Mukundinena ine?"

"Ndikunena a nthawi imeneyo."

Musaganize kuti apa ndinali nditayamba kuwakonda alendowo. Ayi. Kungoti mkwiyo wanga unali wambiri, wokwanira onse atatu. Ndipo ndakhala ndikuganiza kuyambira kale kuti Mariya uja palibe anamufunsa. Munthu wangochira kumene, msana ukuwawa, matewera ali mulu, kenako pabwalo pali ngamira ndi azibambo achilendo olankhula chinenero china, onunkhira utsi wa kwawo. Anawalola bwanji? Mwina nayenso anayang'ana kunjira, n'kuona kuti a kwawo sakubwera.

Ndinaimirira n'kuloza a Ashura.

"Inu. Ndikufunsani mosabisa, poti mwati mwambo mukuudziwa. Ndinu wozizira?"

A Kefasi anayang'ana kumwamba. A Saidu anayamba kukonza kachipewa kawo. A Ashura anaseka koyamba, kuseka kwa pakhosi.

"Tawaonani bambowa bwinobwino. Mukuona ngati mwatsala moto m'menemu? Shuga anazimitsa kalekale."

"Amayi inu!" anatero a Saidu.

"Afunsa, ndayankha."

Sindinaseke, ngakhale kunandivuta. "Sambani m'manja, madzi ali mu ndowa iyo. Nsapato zitsale panja. Inu bambo simulowa. Mwamuna salowa m'chikuta, kaya wa shuga kaya wa chiyani."

"Ndamva, mayi. Nanga ndikaima pakhomo, osalowa, osamugwira?"

"Amake Elizabeth," anatero a Kefasi, mawu atakwera, "mukalola zimenezi, nkhaniyi ndikaitula kubwalo la akulu. Mpango woyera wa Chigwirizano uja mudzauvula. Ganizani za tsiku la maliro anu, adzakuimbireni ndani?"

Zimenezo zinandilasa, sindikana. Zaka zonsezi ndayenda ndi amayi anzanga m'maliro ndi m'zipatala, bulauzi yoyera ndimaichapa payokha. Ndinayang'ana kuchitseko. Elizabeth anali akadali pomwepo, maso ali pa ine, osaphethira.

"Pa maliro anga ndidzakhala nditagona, a Kefasi, sindidzamva. Uyu ndikumumva lero. Mulungu amene atchulidwe m'khutu mwa mwanayu ndi yemwe analenga khutulo. Ubatizo tidzakamba mwana akatuluka, ngati mudzamulandire."

Ndinalowa n'kukhazika Elizabeth pamphasa, mkati, pafupi ndi khomo. A Ashura anali atamutenga kale mwana, akumuyang'ana zala chimodzichimodzi ngati akusankha tomato. Ndinawalanda n'kumuika pamiyendo pa mayi wake. Pakhomo ndinatchinga chitenje kuti mphepo isalowe, ndinangosiya kampata m'munsi.

Ndiye panali vuto. Mwana ali pansi, a Saidu ali chiimire panja, ndipo mawuwo ndi onong'ona. Anayang'ana khonde. Linali lonyowa, nkhuku zinali zitachitapo zawo. Sindinawapatse chiguduli. Anagwira chimango cha chitseko, n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono. Mawondo analira ngati nkhuni zouma. Mkanjo woyera uja unakhala m'matope ndi m'zitosi.

"Taonani," anatero a Kefasi, "ndimayesa inu simugwadira munthu?"

"Sindikugwadira munthu, bambo," anayankha a Saidu osatembenuka. "Ndikutsika kuti andimve."

Anaika pakamwa pa kampata kaja n'kuyamba. Mawu ake sindinawamve tanthauzo, ndi Chiarabu. Anali mawu okoka, otsika, ngati munthu akuitana wina amene ali kutsidya kwa dambo koma safuna kudzutsa ogona. Mwana anali akuyamwa. Anasiya, anakwinya nkhope, n'kuyambiranso kuyamwa. Basi. Kumwamba sikunatseguke. Ng'oma kutchalitchi zinkalirabe.

Koma ine ndinaima pamenepo ndikuyang'ana pamutu pa munthu wokalamba, mwini golosale, amene anthu ku boma amamupatsa moni ndi manja awiri, ali m'zitosi za nkhuku zanga chifukwa cha kamunthu kosakwana ndi mkono womwe, kamene mudzi wonse ukukayesa chamanyazi. Zaka zonse zija ndinkasoka zisoti ndinkaganiza kuti nkhani ya anzeru aja ndi ya golide. Anyamata amalimbirana kuti anyamule kabokosi konyezimira ndani. Kugwada amangogwada mwachangu, bondo limodzi, kuopa kudetsa zitenje zanga. Sindinaganizepo kuti anthu aja anali okalamba, otopa ndi ulendo, kuti pansi paja panali ponyansa, ndiponso kuti podzuka anafunika wowagwira dzanja.

A Saidu atamaliza analephera kudzuka. A Ashura anali mkati. Elizabeth anali ndi mwana. Ndinayang'ana a Kefasi, iwo anayang'ana njinga yawo. Ndinawagwira ndine pamkono n'kuwakoka. Anali opepuka ngati mtolo wa mapesi.

"Zikomo, mayi."

"Musandithokoze. Sindinakukhululukireni."

"Sitinapemphe zimenezo lero."

A Kefasi anakwera njinga. "Tionana kubwalo, amake Elizabeth."

"Mukafika kumeneko muwauze kuti mwanayu ndi wamkazi. Palibe wafunsa."

Anapalasa, makatoni akugwedera kumbuyo.

A Ashura anatsegula chikwama chija pakhonde. Munali sopo, shuga, mafuta ophikira, bulangete la mwana, zitenje ziwiri, ndi kapepala kokulunga timiyala tonunkhira.

"Lubani," anatero. "Mukafukiza m'nyumba, fungo la matewera limachoka."

"M'nyumba mwanga simununkha."

"Mwanunkha, ndalowamo."

"Utsi pa khanda ayi. Tengani."

"Sungani, mudzafukiza akakula. Dzina tinaganiza Amira."

"Elizabeth anati Shalom."

"Mwana woyamba amatchula ndi a kuchimuna, ngakhale kwanu kuno."

"A kuchimuna amene anaonekera kwa ankhoswe. Dzina lidikira mchombo, lidikiranso Alufeyo. Ndipo mwana wanuyo abwere yekha ndi miyendo yake, asatumize nkhalamba. Thiraki aimike pa Kamwendo, sidzabedwa."

"Abwera," anatero a Saidu. "Akapanda kubwera, pakhomo panga asadzapondepo."

"Zimenezo ndi za kwanu."

Sindinawaphikire. Ufa unali wochepa, ndipo mtima wowaphikira ndinalibe. Ndinawapatsa madzi akumwa ndi mango anayi a mumtengo wa kuseri. A Saidu anayesa kupukuta mkanjo ndi masamba, zinangofalikira.

Atanyamuka kulunjika njira yomwe anadzera, ndinawaitana.

"Osadzera uko. Mudutsa patchalitchi, a Kefasi afika kale ndi nkhani, ndipo anyamata aja pakamwa pawo sipabwino. Tsikirani kudimba, muoloke pa mlatho wa mitengo, mukatulukira pa chigayo. A kabaza amaima pamenepo."

M'nyumba Elizabeth anaseka, koyamba chibwerere kuchipatala. "Amayi, mwawabweza njira ina ngati anzeru a kum'mawa aja?"

"Usandiyambe iwe."

Ndinawayang'ana akutsetsereka, mayi patsogolo ndi chikwama chopanda kanthu, bambo pambuyo akuponda mosamala. Sanacheuke. Nanenso sindinabayibitse.

Ndinasuzumira m'nyumba. Elizabeth anali atagoneka mwana pa bulangete latsopano lija.

"Ndiye ukupita ku boma?"

"Kukatani?"

"Chipinda cha Rashida chili chokhachokha."

"Mayi aja amalankhula kwambiri. Kuposa inu." Anasisita mwana pamutu. "Akakuvulani mpango, amayi?"

"Mutu ndi wanga, sudzazizidwa. Chotsa bulangetelo, silinachapidwe. Sudziwa wagwira ndani kugolosale."

Anachotsa osatsutsa, n'kundiponyera pamodzi ndi thewera lina lonyowa.

Ndinabwerera kuseri. Madzi a m'beseni anali atazizira, thovu litatha, nkhuku itagwetsera thewera limodzi m'dothi. Amene ndinayanika m'mawa anali asanaume, ndipo cha ku Zambia kunali kutada bii. Ndinataya madziwo, ndinathira ena, ndinakhala pansi. Dontho loyamba la mvula linandigwera pakhosi ndisanafike ndi pakati pa mulu.